KUBWEREKA DZINA LA WINA

Nkhani ya malonda ochedwa franchise, monga inalankhulidwa pa wailesi

Inu amene mukhala mu Lusaka, kapena amene munafikako kudzaona abale, mwaziona nyumba zija zogulitsiramo nkhuku yokazinga, zimene pa cikwangwani cake pali nkhope ya nkhalamba ya Cizungu, ya ndevu zoyera ndi magalasi m'maso, pamodzi ndi malemba atatu akuti KFC. Ambiri a ife tikaona nyumba yotere tiganiza kuti iri ya nkhalambayo, kapena ya kampani yake ya ku America. Koma nkhalambayo, dzina lake Harland Sanders, inamwalira kale m'caka ca 1980. Ndipo kampaniyo, ngakhale dzina lake liri pa nyumba zikwi zambiri m'maiko oposa 100, pafupi-fupi nyumba zonsezo siziri zake ai. Anazimanga ndi anthu ena ndi ndarama zao. Ndiwo alemba anchito, ndiwo alipira malaiti ndi madzi, ndipo malonda akagwa ndiwo agona osatseka maso. Ca kampani ndi dzina lija, ndi njira ya kakonzedwe ka nkhukuyo, ndi gawo la ndarama zimene zilowa m'bokosi tsiku liri lonse.

Malonda a mtundu umenewu Azungu awacha franchise. Akulu-akulu amene anaona masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, alikumbukira liu limeneli, pakuti linali kumveka kawiri-kawiri m'nkhani za ndale, ndipo pamenepo linali kutanthauza ufulu wa kuponya voti. Liuli ndi limodzi ndithu. Linacokera ku cinenero ca ku France, ndipo tsinde lake ndi ufulu umene wamkulu apatsa wamng'ono. Kale-kale mafumu a ku Europe anali kupatsa munthu ufulu wa kucititsa msika pa malo akuti-akuti, kapena wa kuolotsa anthu pa mtsinje ndi bwato, ndipo munthuyo anali kupereka kanthu kwa mfumu. Lero wopereka ufuluwo si mfumu koma kampani, ndipo cimene ipereka ndico cilolezo cakuti munthu acite malonda m'dzina lake. M'nkhani yathu ino tidzawacha anthu awiriwa mwini dzina ndi wobwereka dzina.

Pangano lao limakhala lotere. Mwini dzina abwereketsa dzina lake lochuka kwa zaka zowerengedwa, kaya zisanu, kaya khumi, kaya makumi awiri. Aphunzitsa wobwerekayo nchito yonse, nampatsa buku la malamulo a kacitidwe kake, namuuza kumene ayenera kugula katundu, ndipo ndiye alengeza malondawo pa wailesi ndi m'manyuzipepa. Wobwereka dzina alipira ndarama zolowera kamodzi paciyambi, amanga kapena akonza sitolo ndi ndarama za m'thumba mwake kapena za ngongole ya ku banki, ndipo mwezi uli wonse apereka gawo lace kwa mwini dzina. Zaka za pangano zikatha, dzinalo libwerera kwa mwini wake, pokhapokha atagwirizananso.

Tiyambe ndi cinthu cimene ali yense wa inu anacigwirapo m'dzanja, ndico botolo la Coca-Cola. Cakumwaci cinapangidwa koyamba mu Atlanta m'caka ca 1886, ndipo poyamba anthu anali kumwera m'matambula m'masitolo a mankhwala. M'caka ca 1899 amuna awiri a ku Chattanooga, Benjamin Thomas ndi Joseph Whitehead, anapita kwa mwini kampani, Asa Candler, kukapempha cilolezo ca kuthira cakumwaco m'mabotolo. Candler sanakhulupirire kuti m'mabotolo muli phindu, motero anawapatsa ufulu wa pafupi-fupi dziko lonse la America pa mtengo wa dola imodzi yokha. Koma panali mfundo imodzi: madzi okhuthala aja, amene ndiwo mtima wa cakumwaco, anayenera kuwagula kwa iye yekha. Amuna awiriwo analibe cuma ca kumanga mafakitale m'mizinda yonse, tsono naonso anagawira anthu ena cilolezoco, mzinda ndi mzinda. Ndiyo njira imene Coca-Cola anafalikira nayo, ndipo kufikira lero m'maiko ambiri amene athira m'mabotolo ndi kunyamula pa malole si kampani ya ku Atlanta koma makampani ena opatsidwa cilolezo. Malo ambiri omwetsera galimoto petulo ayenda mofanana ndi momwemo: dzina ndi mafuta nza kampani yaikuru, koma woyendetsa malowo ndi munthu wapadera.

Umenewo ndi mtundu wakale, wa kubwereka dzina ndi katundu. Mtundu umene wafala kwambiri m'zaka zathu zino upitirira pamenepo, pakuti munthu abwereka nchito yathunthu, kuyambira maonekedwe a nyumba kufikira mau amene wanchito anena polandira mlendo. Sanders uja anayamba kubwereketsa dzina lake ali ndi zaka zoposa 60. M'caka ca 1952 anapangana ndi Pete Harman wa ku Salt Lake City, ndipo pambuyo pake anayenda ndi galimoto lake mzinda ndi mzinda, naphikira eni nyumba zodyeramo nkhuku yake kuti ailawe. Amene anaikonda anali kumpatsa masenti anai pa nkhuku iri yonse yogulitsidwa, ndipo pambuyo pake masenti asanu. Pofika 1964 anagulitsa kampani yake pa madola 2 miliyoni.

Koma nkhani imene itiphunzitsa zambiri ndiyo ya McDonald's, dzina limene ena a inu mwaliona ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja. Abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald, anali ndi nyumba yodyeramo mu San Bernardino, ku California. M'caka ca 1948 anasintha kacitidwe kao konse. Anacotsa zakudya zambiri nasiya zowerengeka zokha, makamaka buledi uja wokhala ndi nyama yopera pakati amene amucha hamburger, namgulitsa pa masenti 15. Anagawa nchito ya m'khicini kuti munthu ali yense acite kanthu kamodzi kokha, wina kuocha nyama, wina kukulunga m'pepala, kotero kuti wogula sanali kudikira. M'caka ca 1954 kunafika mlendo, Ray Kroc, amene nchito yake inali kuyenda ndi kugulitsa makina osakanizira mkaka. Iye anaona khamu la anthu lirinkudza ndi kupita, nazindikira kuti cuma ca abalewo sicinali m'nyamayo ai, koma m'njira yao, imene munthu wina ali yense angaphunzire ndi kuicita kwina. Anapangana nao, ndipo pa 15 April 1955 anatsegula nyumba yake yoyamba mu Des Plaines, pafupi ndi Chicago.

Tsono cherani khutu pa mtengo wake. Wofuna kubwereka dzinalo anali kulipira madola 950 polowa, ndipo pa madola 100 ali onse ogulitsidwa anali kupereka dola imodzi ndi masenti 90. Mwa zimenezi masenti 50 anali kupita kwa abale awiri aja. Ndanena kuti pa madola ogulitsidwa, sindinanene kuti pa phindu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya franchise, ndipo ndi pamene anthu ambiri ophunzira bwino apunthwa. Mwini dzina atapa gawo lake pamwamba pa mulu wa ndarama zonse zolowa, wobwerekayo asanalipire nyama, asanalipire anchito, asanalipire lendi. Kaya mwezi umenewo wapindula, kaya wataya, gawo la mwini dzina lituruka ndithu.

Tiyeni tiyerekeze ndi ndarama zathu, ndipo ziwerengero izi nzongofanizira cabe. Tinene kuti munthu wina agulitsa zakudya za K200,000 pa mwezi. Nkhuku, mafuta ndi zina zophikira zimdyera K80,000, anchito K40,000, lendi K30,000, malaiti, madzi ndi tina K20,000. Pangano lake linena kuti pa K100 iri yonse apereke K5 ya dzina ndi K5 ya kulengeza malonda, ndiye kuti K20,000. Iye atsala ndi K10,000. Tsono mwini dzina alamula kuti mwezi wamawa masitolo onse atsitse mtengo kuti akope anthu. Anthu abweradi ambiri, ndipo ndarama zolowa zikwera kufika K220,000. Koma popeza wagulitsa nkhuku zambiri pa mtengo wocepa, zophikira zamdyera K105,000. Ndarama zocoka m'dzanja lake kupita kwa mwini dzina zakwera kufika K22,000, ndipo iye, amene wakhetsa thukuta koposa mwezi watha, watsala ndi K3,000 yokha. Mwezi umene mwini dzina aucha wabwino, mnzakeyo aucha woipa, ndipo palibe wanama mwa awiriwo.

Musaganize kuti zimenezi nza pa pepala pokha. M'caka ca 2009 obwereka dzina la Burger King ku America anaisumira kampani yao ku bwalo la milandu cifukwa inawalamula kugulitsa hamburger ya nyama ziwiri pa dola imodzi, pamene iwo anali kunena kuti kuikonza kunali kuwadyera zoposa dolayo. Kwa ife kuno mtolo wina uonjezeka. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ali yense wosunga nyama m'firiji anayenera kugula dizilo wa injini ya magetsi. Mtengo wotere ugwera wobwereka dzina, osati mwini dzina, popeza gawo la mwini dzina liwerengedwa pa zogulitsidwa. Cimodzi-modzinso kwaca ikagwa mphamvu: ngati pangano linena kuti makina kapena zokometsera zicokere kunja, wobwerekayo azigula ndi madola okwera mtengo, koma ogula ake amlipira ndi kwaca yomweyo.

Tibwerere kwa Kroc. Gawo lake linali laling'ono kwambiri, kotero kuti m'zaka zoyamba nyumba zinali kucuruka koma iye sanali kulemera. Amene anamuonetsa njira ndi mnzake wodziwa za ndarama, Harry Sonneborn. Kuyambira 1956 kampani inayamba kupeza yokha malo omangapo, poyamba pocita lendi ndipo pambuyo pake pogula, ndi kuwabwereketsa kwa obwereka dzina pa lendi yokwererapo. Nzeru imeneyi inapha mbalame zambiri. Inabweretsa ndarama zosalekeza. Inapatsa kampani cuma ca nthaka cimene mabanki acikhulupirira. Ndiponso inaika cingwe m'khosi mwa wobwereka dzina ali yense, pakuti munthu wosamvera malamulo angacotsedwe pa malo amene sali ake. Kufikira lero McDonald's alandira ndarama zambiri za lendi kuposa za dzina, ndipo pa nyumba zake zoposa 40,000, pafupi-fupi 95 pa 100 ziri zonse ziyendetsedwa ndi obwereka dzina. Wolowa lero ku America alipira madola 45,000 paciyambi, ndipo kukonza nyumba yatsopano kumdyera madola oposa miliyoni imodzi.

Nanga abale aja? M'caka ca 1961 anagulitsa zonse kwa Kroc pa madola 2.7 miliyoni, koma nyumba yao yoyamba ya ku San Bernardino sanaipereke. Popeza dzina anali atagulitsa, ngakhale linali dzina la atate ao owabala, anayenera kulicotsa pa cikwangwani, ndipo nyumbayo inachedwa The Big M. Kroc anatsegula McDonald's yatsopano pafupi pomwepo, ndipo patapita zaka zowerengeka nyumba yakaleyo inatsekedwa. Khicini inali yomweyo, kaphikidwe kanali komweko. Cimene cinacoka ndi dzina lokha, ndipo anthu anatsata dzinalo. Wobwereka dzina ali yense aziganizira zimenezi, pakuti anthu amene alowa m'sitolo mwake tsiku ndi tsiku, ngakhale amdziwa nkhope nampatsa moni, ambiri a iwo sali ake.

Kapena wina afunsa kuti, ngati dzina liri lamphamvu cotero, cifukwa ninji mwini wake samanga yekha masitolo onse kuti adye phindu lonse? Yankho loyamba ndi ndarama: kumanga masitolo cikwi kufuna cuma cimene makampani ambiri alibe, koma anthu cikwi angasonkhe ali yense ca sitolo imodzi. Yankho laciwiri mulidziwa nonse amene munalembapo mnyamata woyang'anira golosale kapena cigayo. Wolembedwa nchito aweruka nthawi ikakwana, ndipo shuga akatayika si iye alira. Koma munthu amene waika penshoni yake yonse m'sitolo adzuka tambala woyamba, nawerenga nkhuku iri yonse. Kampani imene likulu lake liri kutali sikhoza kugula maso otere ndi malipiro a pa mwezi; iwapeza mwa wobwereka dzina, ndipo m'malo mwa kumlipira, ndiye amene alipira.

Malamulo ao ali okhwima, ndipo pamenepa ine ndiri kumbali ya mwini dzina. Makolo athu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Munthu amene wadwala m'mimba atadya m'nyumba imodzi sadzati wandidwalitsa ndi uje. Adzachula dzina la pa cikwangwani, ndipo nyumba zonse zokhala ndi dzinalo zidzanunkha. Ncifukwa cake buku lija linena kutentha kwa mafuta, mphindi za kukazinga, ndi nthawi imene cakudya cosagulidwa ciyenera kutayidwa. Ncifukwa cakenso oyendera afika mosadziwitsa. Kroc anatsegula ndi sukulu yomwe m'caka ca 1961, yochedwa Hamburger University, yophunzitsa zinthu zimenezi. Koma kukhwimako kutanthauza kuti ngakhale nzeru yabwino iyenera kupempheredwa cilolezo. Mu Cincinnati munali wobwereka dzina wina, Lou Groen, amene anthu ozungulira nyumba yake ambiri anali Akatolika, ndipo masiku amenewo Akatolika sanali kudya nyama Lacisanu. Tsiku limenelo malonda ake anali kufa. Iye anakonza buledi wa nsomba, koma sanathe kungomgulitsa monga mwini golosale acitira. Anayenera kupita kwa Kroc kukamgonjetsa, ndipo m'caka ca 1962 analoledwa kuyesa. Nsombayo inagulidwa, ndipo irikugulitsidwa m'nyumba za McDonald's kufikira lero. Alimi a thonje a ku Chipata, Katete ndi Petauke, amene alandira mbeu ndi mankhwala kwa kampani napangana kuti thonje lao adzagulitsa kwa iyo yokha, adziwa kale kakomedwe ndi kawawidwe ka moyo wotere: munda ngwako, khasu ndi lako, koma mau omariza si ako.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo sindifuna kuucepetsa. Mphunzitsi kapena kalaliki wopuma nchito, amene sanaphikepo malonda cibadwire, apatsidwa njira imene ena anaiyesa kale nalipira zolakwa zake. Tsiku loyamba kutsegula, anthu alidziwa kale dzina lake. Katundu wogulidwa pamodzi ndi masitolo mazana akhoza kutsika mtengo, ndipo wa ku banki amvera msanga munthu wodza ndi dzina lodziwika koposa wodza ndi maloto okha.

Koma ndati katundu akhoza kutsika mtengo, akhozanso kukwera. Ku America kunali kampani ya masangweji yochedwa Quiznos, imene ca m'ma 2007 inali ndi masitolo pafupi-fupi 5,000. Obwereka dzina lake anali okakamizidwa kugula zophikira kwa kampani ina ya eni dzina omwewo, ndipo anadandaula m'mabwalo a milandu kuti mitengo yake inali yowafinya, pamene kwinaku anali kuuzidwa kugulitsa mochipa. Masitolo anatsekedwa mazana-mazana, ndipo m'caka ca 2014 kampaniyo inakanena ku bwalo kuti yalephera kubweza ngongole zake. Kumbuyo kwa sitolo iri yonse yotsekedwayo kunali banja limene linaikamo cuma cake. Mwini dzina amene phindu lake lalikuru licokera m'kugulitsa zinthu kwa obwereka ake, kapena m'ndarama zolowera za anthu atsopano, sasamala kweni-kweni ngati sitolo yanu ikhala ndi moyo. Ameneyo ngwoopsa koposa uja wotenga gawo lalikuru poyera.

Cifukwa ca zinthu zotere maboma ena anaikapo malamulo. Ku America, kuyambira 1979, wogulitsa franchise ayenera kupatsa wogula kalata yoululira zonse, ndipo monga lamulo liriri tsopano, aipereke masiku 14 munthuyo asanasaine kapena kulipira kanthu. M'kalatamo mulembedwa ndarama zonse zofunika, milandu imene kampaniyo inakhala nayo, ndi maina a obwereka dzina amene alipo ndi amene anacoka posacedwa. Ku South Africa lamulo locinjiriza ogula la 2008, limene linayamba kugwira nchito mu 2011, lifunanso masiku 14 omwewo, ndipo lilola munthu kubweza pangano m'kati mwa masiku khumi a nchito atasaina, popanda kulipira cilango. Izi zitikhudza, pakuti maina ambiri amene tiona m'misika yaikuru ya mu Lusaka, monga Nando's, Steers ndi Debonairs Pizza, anabadwira ku South Africa.

Lamulo la dziko lina silioloka Zambezi lokha kudzakucinjirizani. Cimene cidzakuimirirani pa tsiku la mlandu ndi mau olembedwa m'pangano lanu. Koma palibe cokuletsani kupempha kalata yoteroyo, ndipo kampani imene iipereka kwao nkukana kuipereka kuno yakuuzani kale kanthu. Pitani nalo panganolo kwa loya wanu-wanu, osati amene akusonyezani eni dzina. Aone ngati dzinalo linalembetsedwadi ku ofesi ya PACRA, ndi ngati munthu wolankhula nanuyo ali ndi mphamvu ya kulibwereketsa. Aone dera limene mwapatsidwa, kuti mawa asadzatsegule sitolo ina ya dzina lomwelo tsidya la mseu. Aone ngati mudzalipira m'kwaca kapena m'madola, ngati muli ndi ufulu wa kugula nkhuku ndi mbatata kwa alimi a kuno, ndi bwalo la dziko liti limene lidzaweruza mukadzakangana, pakuti mlandu wokazengedwa ku Johannesburg kapena ku London ambiri a ife tingaugonje ndi mtengo wa ulendo wokha. Mapangano ambiri aletsanso munthu wocoka kucita malonda ofanana nao kwa zaka zingapo m'dera lomwelo, kotero kuti atsala ndi mafiriji ndi mapoto amene saloledwa kuphikiramo nkhuku.

Zonsezi zitatha, funani anthu amene anabwerekapo dzinalo nalisiya. Eni dzina adzakutengerani kwa amene zinthu zirikuwayendera bwino, ndipo kumeneko pitani ndithu. Koma amene anatseka zitseko muwafune nokha, mukhale nao pansi, muwafunse kuti pa K100 iri yonse yolowa m'bokosi, zotsala m'dzanja lao mwezi utatha zinali zingati.